Namondwe Saitanidwa Pabwalo

Ndili mnyamata ndinkaweta ng'ombe za atsibweni anga kuno ku Domwe, m'munsi mwa phiri. Zinalipo zisanu ndi ziwiri: ziwiri zokoka ngolo, zinazo zazikazi ndi ana awo. Usiku wina m'mwezi wa Febuluwale, chimanga chitamasula kale, ng'ombe zija zinathyola khola n'kukalowa m'munda wa mayi wina wamasiye wa pamudzi pathu. Kutacha tinapeza mapesi atagona pansi mbali yonse ya kumunsi kwa munda, chimanga chanthete chitatafunidwa, nyemba zitapondedwapondedwa m'matope. Mayi uja sanalalate. Anangoima pamzere, manja ali kunkhongo, misozi ili chuchuchu.

Mlandu unapita kwa amfumu. Pabwalo atsibweni anayamba ndi ine. "Zikomo mfumu, mwanayu ndiye amatsekera ng'ombe madzulo. Sanatseke bwino." Mtima wanga unagunda, poti ndinkadziwa kuti kunyumba chikoti chikundidikira. Koma amfumu sanafulumire. Anandiyang'ana nati, "Iwe mwana, pakhomo pa khola umatseka ndi mipiringidzo ingati?" Ndinati itatu. "Kale inali ingati?" Ndinati inayi, wina unathyoka Khirisimasi isanafike. "Unawauza atsibweni ako?" Ndinayang'ana pansi, koma ndinayankha kuti ndinawauza kawiri. Pamenepo amfumu anatuma nduna ziwiri kukaona kholalo. Pobwera zinanena kuti ng'ombe sizinatulukire n'komwe pakhomo. Zinakankha kuseri kumene mitengo inali itadyedwa ndi chiswe, moti wina unangothyoka ataugwedeza ndi dzanja.

"Bambo," anatero amfumu, "nkhwangwa pakhomo panu amasunga ndani, inu kapena mwanayu?" Atsibweni anangoti zyoli.

Panalinso bambo wina amene anaulula yekha kuti pakati pa usiku anamva ziboda zikudutsa kuseri kwa nyumba yake, koma poti kunja kunali mvula, anangokokera bulangete kumutu. Iyeyu sanalipitsidwe kanthu, koma mawu amene anauzidwa pamaso pa mudzi anamulemera kuposa thumba la chimanga. Ine ndinadzudzulidwa chifukwa chosiya mpiringidzo wothyoka osaumanga ngakhale ndi luzi. Wolipa anali atsibweni: matumba atatu a chimanga pokolola, ndi kumanganso khola sabata yomweyo nduna zikuona. Tsiku lonselo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati tiitane ng'ombe zidzayankhe mlandu.

Bwalo limeneli limandibwerera m'maganizo nthawi iliyonse namondwe akadutsa. Mayina tawaloweza ngati a ana a pamudzi: Idai ndi Kenneth mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, Chido kumapeto kwa 2024. Aliyense akapita, mawu omwe timamva pa wailesi amafanana. Akuti inali mphamvu ya chilengedwe. Akuti mvula yotere sinaonekepo. Kumaliro timatonthozana kuti ndi chifuniro cha Mulungu, ndipo potonthoza wofedwa mawuwa ndi abwino. Koma akachoka pa siwa n'kukalowa mu ofesi ya boma, amasanduka kuitana ng'ombe pabwalo. Ng'ombe imadya chimanga chifukwa ndi ng'ombe, namondwe amagwetsa chifukwa ndi namondwe. Mlandu suli pamenepo. Mlandu uli pa khola, pa mpiringidzo, pa amene anamva ziboda, ndi pa mwini nkhwangwa.

Wina anena kuti ife a kumtunda kuno nkhaniyi siyathu, namondwe ndi wa anthu a kunyanja, a ku Beira ndi ku Quelimane. N'zoona kuti mphepo ikamafika ku Angónia imakhala itatopa. Koma mvula yake simatopa. Imagwa masiku atatu anayi osakata, nyumba za zidina zosaotcha zimanyowa kuchokera pansi n'kukhala pansi, mbatata imaola m'madimba, misewu ya ngolo imasanduka makwawa. Ndipo madzi ambiri ogwa m'mapiri athu ano amakathera mu Revubwe, mtsinje umene umatsika mpaka kukalowa mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Kumayambiriro kwa Malichi 2019, namondwe amene pambuyo pake anadzatchedwa Idai asanakhwime n'komwe, Revubwe anasefukira usiku n'kumiza nyumba ku Chingodzi, ndipo mlatho wa pa msewu wa pakati pa Tete ndi Moatize unaonongeka. Unakonzedwa. Mu Januwale 2022, mvula ya namondwe Ana itagwa, mlatho womwewo unadukanso, magalimoto n'kuyamba kuzungulira ku mlatho wa Kassuende. M'madzi omwewo munafera mkulu wa boma la Tete, a José Maria Mandere, galimoto yawo itakokoloka ali pa ulendo wokaona momwe zinthu zaonongekera. Madzi amene anawatenga, ena mwa iwo anali atagwa padenga pathu.

Imfa ya a Mandere imandikumbutsa chinthu chimene timaiwala tikapsa mtima. Boma si munthu mmodzi. Tikangoti "boma lalephera," tachita ngati munthu wofika pabwalo n'kunena kuti mudzi wonse wadya chimanga changa. Mlandu wotere suweruzika, ndipo wolakwa weniweni amaukonda, chifukwa amabisala m'chigulu. M'boma muli anthu amene amafera pantchito, muli ena ogona. Muli INAM, yoona za nyengo, imene ntchito yake ndi kuona namondwe akali kutali. Muli oyang'anira mitsinje, amene amayeza kukwera kwa madzi. Muli INGD, yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene kale inkatchedwa INGC. Muli ANE, yoona za misewu ndi milatho. Muli akulu a chigawo, a boma laling'ono ku Ulongwe, a posito kuno ku Domwe, mpaka mfumu ndi mlembi wa pamudzi. Aliyense ali ndi mpiringidzo wake. Amfumu athu aja sanafunse kuti walakwa ndani. Anafunsa kuti ntchito iyi inali ya yani, anadziwa liti, ndipo anali ndi chogwirira kapena ayi. Mafunso amenewa amateteza wosalakwa mofanana ndi momwe amagwirira wolakwa.

Tiyeni tiwafunse pa mlatho wa Revubwe, poti ndiwo mtengo wodyedwa ndi chiswe m'nkhani yathuyi. Mlatho ukaduka kamodzi, tingathe kunena kuti madzi anachuluka kuposa momwe omanga akale ankaganizira. Koma ukakonzedwa n'kudukanso zaka zitatu zisanakwane, mawu akuti madzi anachuluka sakwananso, chifukwa okonzawo anali atawaona kale madziwo mu 2019. Anali atauzidwa, monga ine ndinawauzira atsibweni. Ndiye pafunika wina atume nduna zikagwedeze mtengowo ndi dzanja. Anajambula kakonzedwe kake ndani, ndipo anayerekeza madzi ofika pati? Kontilakitala anachita zonse zimene zinalembedwa? Injiniya amene anasaina kuti ntchito yatha bwino anaona chiyani? Ngati akatswiri anapempha ntchito yaikulu koma ndalama zinaperekedwa za chigamba chabe, anadula ndalamazo ndani? Mwina pofufuza padzapezeka kuti aliyense anachita mbali yake ndipo madzi a 2022 analidi osaletseka. Zikatero tidzavomereza, ndipo mayina a anthuwo adzayera. Koma yankho limeneli liyenera kutuluka pabwalo, anthu a ku Moatize ndi a ku Angónia amene amadutsitsa mbatata ndi chimanga chawo pa msewu umenewo akumva. Kufunsa si kunyoza boma. Mayi wamasiye uja sanali mdani wa atsibweni anga. Ankatunga pa chitsime chimodzi ndi azakhali.

Kuti khola limatheka kukonzeka, umboni tili nawo m'dziko mwathu momwe muno. M'chaka cha 2000 madzi a Limpopo ndi mitsinje ina ya kumwera anapha anthu pafupifupi 700, ndipo dziko lonse lapansi linaona mayi akubereka mwana mumtengo ku Chibuto, helikopita ya ku South Africa ikudzawatsitsa. INGC nthawi imeneyo inali ya chaka chimodzi chokha. Manyazi a chaka chimenecho anagwira ntchito. Anakhazikitsa machenjezo a mitundu, wachikasu, wa olenji ndi wofiira. Anayambitsa makomiti a m'midzi ophunzitsidwa njira zothawira ndi malo okwera. Pofika 2007, Zambezi atasefukira ku Mutarara ndi ku Caia, namondwe Favio n'kugundanso Vilankulo mwezi womwewo wa Febuluwale, anthu oposa 100,000 anasamutsidwa koma akufa sanafike 100. Madzi sanasinthe mtima pakati pa 2000 ndi 2007. Anasintha ndi anthu. Ndiye ngati boma liyenera kuyamikidwa pa 2007, ndipo ine ndikuliyamika, silingakane kufunsidwa pa zaka zimene zinthu zinavuta. Mwini khola salandira chiyamiko cha usiku umene ng'ombe zagona bwino n'kukana mlandu wa usiku umene zatuluka.

Idai anagunda Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019 ndipo anapha anthu oposa 600 m'Mozambique. Apa nkhani ya amene anamva ziboda ndi yovuta kuposa ya pamudzi pathu, chifukwa a zanyengo sanakokere bulangete kumutu. Ananena masiku angapo namondwe asanafike, chenjezo lofiira linaperekedwa. Koma chenjezo ndi ngati uthenga wa maliro: sumatha pamene wotuma wayankhula, umatha pamene wolandira wamva n'kudziwa kuti anyamuke apite kuti. Anthu ambiri a ku Buzi anamva za mphepo, anatsindira madenga ndi miyala ndi matumba a mchenga, mphepo n'kudutsa. Chimene chinawapeza osakonzeka ndi madzi a mitsinje ya Buzi ndi Pungwe amene anabwera pambuyo pake, n'kuwasiya pamadenga ndi m'mitengo masiku angapo. Pakati pa kompyuta ya katswiri ku Maputo ndi khutu la agogo m'mudzi pali mtunda wautali, ndipo mtunda umenewo uli ndi eni ake. Kumuuza mlimi wa ku Domwe m'Chipwitikizi kuti kugwa mvula ya mamilimita akutiakuti sikumuchenjeza. Kumuchenjeza ndi kumuuza pa wailesi ya ku Ulongwe, m'chinenero chake, kuti mawa musaoloke Lifidzi, ana asapite kudambo ndi ng'ombe, amene nyumba zanu zanyowa m'munsi kagoneni kusukulu kapena kutchalitchi. Ndani ali ndi udindo womasulira chenjezo kuti lifike pamenepo? Ngati dzina la munthuyo silidziwika mvula isanagwe, ikadzagwa aliyense adzati ndimayesa mnzanga wanena.

Tsono mbusa. M'nkhani za namondwe, mbusa ndi anthu a komiti ya m'mudzi, mlembi, mphunzitsi amene sukulu yake yasanduka msasa, namwino wa pa chipatala chaching'ono. Iwowa ndiwo ali pafupi, ndiwo timawaona ndi maso, ndipo chikoti chimayambira pa iwo. Nthawi zambiri anapatsidwa mipiringidzo itatu pa khomo lofuna inayi: komiti ilipo pa pepala, koma chimkuzamawu chilibe mabatire, njinga inatha kalekale, foni ilibe mayunitsi. Munthu wotere kumukalipira n'kosavuta, ndipo akuluakulu amapumira pomwepo. Komabe sindikufuna kuti mbusa ayere nthawi zonse, poti nanenso luzi ndinali nalo koma sindinamange. Pali zolakwa zina zimene ndi za mbusa yekha, ndipo ndi zonyansa. Mu Epulo 2019 bungwe la Human Rights Watch linaulula kuti m'boma la Nhamatanda atsogoleri ena a m'midzi ankakakamiza amayi kugona nawo kuti awapatse chakudya cha thandizo, ena n'kumafuna ndalama kuti dzina lilowe pa lista. Mayi amene nyumba yake yapita ndi madzi, ana ali ndi njala, n'kumugulitsa thumba la mpunga limene linabwera laulere m'dzina lake! Pamenepa palibe za mphamvu ya chilengedwe. Munthu wotere malo ake ndi kukhoti. Koma ngakhale apa funso limakwerabe mmwamba: anaika lista yonse m'manja mwa munthu mmodzi popanda woyang'anira ndani? Lista yowerengedwa mokweza pabwalo, mudzi wonse ukumva, amayi ali pomwepo, ndi yovuta kuigulitsa. Mawu akuti "dzina lanu silinatuluke" amakula mphamvu pamene listayo ili m'thumba la jekete.

Mwini nkhwangwa amakonda kunena kuti nkhwangwa inalibe mpini, ndiye kuti ndalama kunalibe. Mawuwa si abodza onse. Dziko lathu ndi losauka. Pa msonkhano wa ku Beira wa kumapeto kwa Meyi 2019 zinawerengedwa kuti kukonza zimene Idai ndi Kenneth anaononga kufuna madola a ku America 3.2 biliyoni, koma mayiko ndi mabungwe analonjeza 1.2 biliyoni, ndipo lonjezo si ndalama ya m'manja. Boma linachita kukongola madola 118 miliyoni ku IMF kuti lipume. Izi ndi zoona ndipo ziyenera kunenedwa pabwalo. Koma amfumu ochenjera amafunsanso kuti mpiniwo unapita kuti. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anakongola madola pafupifupi 2 biliyoni, boma likuikira kumbuyo, Nyumba ya Malamulo isanavomereze. Zitaululika mu 2016, mayiko amene ankathira ndalama mu bajeti yathu anatseka mpopi. Idai anapeza nkhokwe ili choncho. Pamene anthu a ku Buzi ankadikira pamadenga kuti helikopita za ku South Africa ndi zombo za ku India ziwapulumutse, mabwato ogwirira nsomba ogulidwa ndi ngongole ija anali akuchita dzimbiri padoko la Maputo. Amene anasaina mapepala amenewo sanali ku Sofala usiku wa namondwe, monga atsibweni anga sanali kukhola usiku uja, koma chiswe chinalowera pa siginecha yawo. Mlandu uwu wokha unafika pabwalo: mu Disembala 2022 khoti la ku Maputo linamanga anthu 11, mwa iwo Ndambi Guebuza, mwana wa mtsogoleri wakale wa dziko, ndipo nduna yakale ya zachuma, a Manuel Chang, anapezeka olakwa ku New York mu Ogasiti 2024. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo taona ndi maso kuti zimatheka.

Pali vuto lina limene aliyense woweta amalidziwa: ng'ombe za chibale, zimene eni ake ndi awiri. Zikabereka aliyense amati ndi zanga, zikadya munda wa eni aliyense amati ndi za achimwene. Chiyambire zisankho za 2019, chigawo chilichonse chili ndi mitu iwiri, bwanamkubwa wosankhidwa ndi anthu ndi mlembi wa boma woikidwa ndi mtsogoleri wa dziko. Ku Beira nthawi ya Idai, mzinda unali m'manja mwa a Daviz Simango a chipani cha MDM, boma lalikulu lili la Frelimo. Mitu iwiri si tchimo payokha, koma imafuna kuti zilembedwe poyera, dzuwa likali kuwala, kuti wotsegula msasa ndi uyu, wolamula kuti anthu asamuke ndi uyu, wotseka msewu madzi akakwera ndi uyu. Kupanda kutero, wa pansi amangoti tikudikira malangizo ochokera kwa akuluakulu, madzi akukwera.

Matendawa si a osauka okha. Pa 29 Ogasiti 2005 namondwe Katrina anamiza mzinda wa New Orleans ku America, dziko la ndalama ndi ndege zosawerengeka, ndipo anthu oposa 1,300 anafa. Eni ng'ombe kumeneko anali atatu: meya Ray Nagin, bwanamkubwa Kathleen Blanco, ndi boma la George W. Bush. Analozana zala anthu ali pamadenga. Chosiyana n'chakuti bwalo linakhala. Mkulu wa bungwe loona za ngozi la FEMA, Michael Brown, anatula pansi udindo patangotha milungu iwiri. Nyumba ya Malamulo inaitana akuluakulu mmodzimmodzi n'kutulutsa lipoti lake mu Febuluwale 2006. Ndipo nduna zitagwedeza mitengo ya khola, zinapezeka kuti makoma otchinga madzi, omangidwa ndi mainjiniya a asilikali a dzikolo, ena anagwa chifukwa cha kamangidwe kolakwika, eni akewo n'kuvomera. Ku France nako, namondwe Xynthia atapha anthu 29 m'katauni ka La Faute-sur-Mer mu 2010, ambiri okalamba okhala m'nyumba zomangidwa pamalo otsika, meya anaimbidwa mlandu n'kupezeka wolakwa mu 2014. Chilango chinachepetsedwa pa apilo, koma kulakwa kunatsala pa dzina lake.

Kwa abale athu kutsidya kwa Dedza, Freddy anasiya chilonda chimene sichinapole. Namondweyu anakhala masiku 36 ali moyo, nthawi yaitali kuposa wina aliyense wolembedwa m'mabuku a zanyengo. Anagunda Mozambique kawiri, kachiwiri pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023, kenako mvula yake inakakhuthukira kumwera kwa Malawi. Phiri la Soche linatsika ndi matope ndi miyala pa nyumba za ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonselo anthu oposa 1,200 anafa kapena kusowa. Ambiri anafulumira kunena kuti anthuwo anamangiranji m'phiri. Funsolo ndi loyenera, koma lili ndi linzake. Munthu wosauka wofika m'tauni samanga m'phiri chifukwa chokonda mphepo. Anamugulitsa malowo ndani, ndipo akhonsolo amene ankaona nyumba zikukwera phiri chaka ndi chaka anamupatsa malo ena ati? Pamene Freddy ankafika, Malawi ankagwiritsabe ntchito lamulo la za ngozi la 1991, lopangidwa pambuyo pa madzi a ku Phalombe. Lamulo latsopano, limene linakhala likukambidwa kwa zaka, Nyumba ya Malamulo inalivomereza mu Epulo 2023, maliro atachitika kale. Khola linamangidwa, inde, koma chimanga chitadyedwa.

Ifenso a ku Domwe tili ndi luzi lathu limene sitinamange. Mitengo ya m'mapiri yapita ku makala, ku nkhuni ndi ku zigafa za fodya. Madimba tawafikitsa m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, bango ndi nsenjere tazula. Phiri lopanda mitengo silisunga madzi, limangowaponya kumunsi onse nthawi imodzi, ndipo madzi saiwala khwawa. Ndikunena izi ndi mtima wowawa, chifukwa ndikudziwa kuti wootcha makala akufuna fetereza ndi yunifolomu ya mwana. Gawo lathu tilivomere. Koma tisalole kuti ligwiritsidwe ntchito ngati momwe atsibweni anafunira kundigwiritsira ine. Kudzudzulidwa kwa mbusa sikunachotse ngakhale thumba limodzi pa matumba atatu aja. Chimodzimodzinso mayiko olemera amene utsi wa mafakitale awo watenthetsa nyanja. Akatswiri a World Weather Attribution anapeza mu 2022 kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula ya Ana, ndipo ku msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh chaka chomwecho mayiko anavomera kukhazikitsa thumba lolipira zoonongeka. Ngongole imeneyo ndi yeniyeni, atsogoleri athu aitsate mwamphamvu. Koma si utsi wa ku Ulaya umene umalemba lista ya thandizo kapena kusaina kuti mlatho watha bwino.

Fanizo langa lili ndi pamene limatsimphina, ndipo pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Pamudzi pathu mwini ng'ombe ndi mwini munda anakhala pansi onse awiri, woweruza ali wachitatu. M'nkhani za namondwe, mwini khola ndi yemwenso ali pa mpando wa amfumu, ndipo nduna zokaona khola zimalandira malipiro kwa iye. Taganizani atsibweni anga akanakhala kuti ndiwo amfumu tsiku lija: chikoti chikanatha pa ine, mayi wamasiye akanabwerera chimanjamanja, chiswe chikanapitiriza ntchito yake mpaka Febuluwale wotsatira. N'chifukwa chake dziko limafuna mabwalo amene boma siliwagwira pakamwa. Pa pepala tili nawo. Ndime 58 ya malamulo aakulu a dziko imati boma lili ndi udindo pa zoonongeka zobwera chifukwa cha zochita zosemphana ndi lamulo za antchito ake. Lamulo nambala 34 la 2014 limapatsa nzika ufulu wopempha ndi kulandira uthenga wa m'maofesi a boma. Tribunal Administrativo ili ndi mphamvu yowerengera ndalama zonse za boma. Lamulo nambala 10 la 2020 ndilo likuyendetsa za ngozi, ndipo chiyambire 2017 pali thumba la ndalama za ngozi limene liyenera kulandira gawo la bajeti chaka chilichonse. Nkhwangwa zimenezi zilipo, koma nkhwangwa siidzuka yokha kukadula mtengo.

Chimene ndikufuna ine n'chakuti namondwe aliyense akadutsa, misasa ikatsekedwa, pakhale kafukufuku wa anthu osadya m'mbale ya ofufuzidwawo, ndipo zopezeka ziwerengedwe pa wailesi m'zinenero zathu: chenjezo linatuluka ola lanji, linafika m'mudzi ola lanji, matumba anabwera angati, anagawidwa angati, chinagwa n'chiyani ndipo anachimanga ndani. Wochita bwino atchulidwe dzina, wogona atchulidwenso. Cholinga si kuona munthu ali m'ndende. Pa chigamulo cha amfumu athu, mbali imene inapulumutsa minda ya chaka chotsatira sinali matumba atatu aja koma khola latsopano lomangidwa nduna zikuona.

Ndipo bwalo labwino koposa ndi lokhala mvula isanagwe. Inu amene mumakhala nawo pa misonkhano ya khonsolo ya posito kuno ku Domwe, inu mafumu, akulu a mipingo, aphunzitsi, amayi a m'magulu, pa msonkhano wa mu Okutobala imikani dzanja. Funsani kuti komiti ya za ngozi ya m'dera lanu ndi ndani ndi ndani, ndipo zipangizo zawo zili kuti, muzione ndi maso. Funsani kuti nyumba zikagwa usiku anthu akagone kuti, ndipo kiyi wa malowo amasunga ndani. Funsani kuti timilatho ta pa misewu yopita ku Ulongwe anatiyendera liti. Pemphani kuti lista ya thandizo izidzawerengedwa pabwalo, amayi ali pomwepo. Mayankho ake alembedwe m'buku la msonkhano, ndi mayina a oyankhawo, ndipo buku limenelo mulisunge pouma.